Roketi Yomwe Idagwera Kumasano

Amene amati mizimu imayenda usiku wokha sadakhalepo kwathu kuno m'mwezi wa Seputembala, dzuwa litafika paliwombo, nkhuku zili yasaa kukamwa pansi pa nkhokwe. Za Laston Chikhadwe zonse zidachitika masana, anthu ali maso.

Laston adali wowotcherera zitsulo pa Mponela. Ankapanga mafelemu a mawindo, mageti, kukonza ngolo zothyoka, koma chimene adatchuka nacho chidali mitanda ndi zikwangwani za pamanda. Dzanja lake polemba lidali lokongola, ndipo ankadzitama kuti penti yake mvula siidziwa. "Mwini dzina aiwalika, dzina lili chiimire," ankatero akupukuta burashi.

Munthu aliyense ali ndi matenda ake. A Laston adali maroketi, ndipo adamupatsira ndi a Gondwe, mphunzitsi wa sayansi wa pasekondale. Amuna awiri akuluakulu a ndevu zawo, Loweruka lililonse ankatsekerana m'shedi n'kumaseweretsa mapaipi a pulasitiki. Laston ankasema mphuno ya roketi, n'kudula zipsepse zitatu za chitsulo chopepuka. Mankhwala oyakawo ankasakaniza a Gondwe okha. M'mimba mwa paipi ankapindamo nsalu yozungulira ya zingwe imene ankaitcha ambulera, yoti roketi ikafika pamwamba ifunyuluke, chinthucho chitsike pang'onopang'ono. Ankaikamonso kachipangizo kolira kuti tswii tswii, koti azikatsatira m'tchire pofunafuna pamene yagwera. Iko ankakatcha kamwanapiye, ndipo batire yake inkatha dzuwa lisanalowe.

Lamulo la Laston lidali limodzi: roketi yosabwerera si roketi, ndi mwala woponya kutchire. N'chifukwa chake pambali pa roketi iliyonse ankalembapo ndi penti yake ija kuti LASTON CHIKHADWE, MPONELA, ndipo m'munsi mwake, WOTOLA ABWEZE.

Mkazi wake Nachisale adali telala, makina ake ali pakhonde. Za maroketizi ankangoziseka. "Amuna anzanu akuweta nkhumba, inu mukuweta utsi," ankatero. Koma ankamukonda mwamuna wake, ndipo Laston ankamukondanso kwambiri, ngakhale pakamwa pake sipankatuluka zotero.

Loweruka lina, m'mawa, Laston adapeza kuti ambulera ya roketi yawo yaikulu yadyedwa ndi makoswe. A Gondwe adali kale panja, akuliza njinga yamoto. Laston adalowa m'nyumba, maso n'kugwera pa chitenje chomwe chidakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko, chobiriwira, cha mbalame zoyera, chopepuka bwino. Nachisale adachivala dzulo lake ndipo chidali chisadachapidwe. Mwini wake adali kumjigo. Laston adatenga sizasi ya mkazi wake yomwe, n'kudula. Mumtima adati adzagula china, chokongola kuposa ichi.

Ankaulutsira ku bwalo lakale la ndege, pa esiteti ya fodya yomwe idatsekedwa kalekale, mtunda wa ola limodzi panjinga. Adaimika roketi pa njanji yake, adalumikiza mawaya, n'kubwerera m'mbuyo. Kuwerenga idali ntchito ya Laston.

"Teni, naini, eyiti, seveni…"

Atafika pa wani adagwira mpweya monga ankachitira nthawi zonse, a Gondwe n'kudina batani. Roketi idati fyuu, n'kusiya chingwe cha utsi kumwamba. Ambulera idafunyuluka bwinobwino, kadontho kobiriwira m'mitambo. Mphepo kudalibe tsikulo, ngakhale tsekera sankagwedera. Komabe kadonthoko kadayamba kuyenda cham'mbali, osafulumira, kulowera kuzambwe, mpaka kadatsikira pakati pa msitu wina wa mitengo italiitali umene udaima wokha pakati pa lupsa.

Adatsatira kulira kwa kamwanapiye kufikira m'mphepete mwa msituwo. Moto wa tchire udatentha ponseponse koma udalekeza pamenepo ngati wauzidwa. Pamthunzi padakhala mkulu wina akusema mpini. Adali a Dzoole, mdzukulu, ndiye kuti wokumba manda wa m'midzi ya kumeneko.

"Mwafika, lekezani pomwepo," adatero a Dzoole. "Ano ndi masano. Eni ake mudzi wawo udasamutsidwa pobwera esiteti, akufa okha ndiwo adatsala. Papita zaka makumi anayi osalandira mlendo."

"Katundu wathu wagwera m'menemo, agogo," adatero a Gondwe. "Tingotenga n'kutuluka."

"Ndamuona akutsika. Cholowa kumasano sichituluka, aphunzitsi. Pangani china."

A Gondwe adali munthu wa sayansi, koma adalinso mwana wa munthu. Adakanda m'mutu n'kunena kuti paipi ndi paipi, agula ina. Laston adaima kanthawi akumvera tswii tswii m'kati mwa mitengo. Za chitenje sadatchule.

Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, Nachisale adaima pakati pa bwalo, mutu uli chopendekera.

"Abambo, nkhuku ya yani yaswa pafupi pano? Kamwanapiye kakulira."

"Sindikumva kanthu."

"Kalira kakhumi, kenaka kasiya. Kodi chitenje changa cha mbalame chija mwachiona? Chinali pa msomali."

"Ine za zitenje ndizidziwira kuti?" adatero Laston, maso ali ku nsapato.

Lolemba idasowa kapu yake ya Nachisale, yamalata, yomwe ankamwera tiyi. Lachiwiri chidasowa chipeso. Lachitatu adadzuka n'kupeza patapata mmodzi, wakumanzere. M'nyumba ankakhala awiri okha, popeza mwana wawo adali kusukulu yogonera, ndiye woloza chala padalibe. Nachisale adasesa, adafunyulula mphasa, adasuzumira pansi pa bedi, kenaka adangosiya. Chimene chidadabwitsa Laston n'choti mkazi wolongolola uja sadalongolole.

Ndipo tsiku lililonse, dzuwa likafika paliwombo, makina osokera ankaima. Nachisale ankatukula mutu n'kumayendetsa milomo. Akatero ankayamba kunjenjemera, n'kupempha bulangete, kunja kukutentha moti phula ankanyeta pamsewu. Kuchipatala adamubaya chala, malungo sadapezeke. Adamupatsa panado.

Lachinayi Laston adamufunsa, mongocheza, kuti lero kalira kangati.

"Kasanu ndi kamodzi. Dzulo kanali kasanu ndi kawiri. Kayamba kutopa, kakuchepetsa tsiku ndi tsiku."

Laston adaika pansi burashi. Lamulungu teni, Lolemba naini, Lachiwiri eyiti. Kuwerenga kumeneko adakudziwa, kudali kwake. Mantha adamugwira, mantha enieni, oti munthu n'kukhala pansi. Adawerenga ndi zala n'kupeza kuti wani agwera Lachiwiri likudzalo.

Adathamangira kwa a Gondwe, omwe adamumvetsera akupukuta magalasi.

"A Chikhadwe, batire ija inatha Loweruka lomwelo. Ndipo ngakhale ikanakhala yamoyo, phokoso lake silingafike kuno. Alamu angawa atopa chabe. Aloleni apume."

Laston adavomera ndi mutu, chifukwa n'zimene ankafuna kumva. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Lachisanu masana, akuwotcherera geti, adazindikira kuti pamsewu paima munthu. Adali mwamuna wamtali, wovala kabudula wa khaki wa masiku a atsamunda, wopanda nsapato. Miyendo yake idali mbuu dothi lofiira, lonyowa, pomwe mvula idali isadagwe kuyambira Epulo. Nkhope yake Laston sadaigwire bwino, chifukwa maso adali akadathobwa ndi moto wowotcherera. Galu wa pa shedipo, yemwe ankauwa ngakhale mbuzi, adalowa pansi pa benchi.

"Ndinu a Laston Chikhadwe a pa Mponela?"

"Ndine. Tikuthandizeni?"

"Tawerenga dzina lanu. Mumalemba bwino." Munthuyo adaika chinthu pansi, pamalire a msewu ndi bwalo. Idali mphuno ya roketi ija. "Munati wotola abweze, ndiye tabweza ichi. Koma nsalu ija amayi kwathu aikonda. Akuti ikununkhira munthu. Akufunsa kuti mwini wake afika liti, malo tasesa kale."

Laston adawerama kutola mphunoyo. Idali yozizira ngati yochokera pansi pa mtsuko. Poweramuka, msewu udali mbee mbali zonse ziwiri, kupatula mayi wina wogulitsa tomato patsidya. Adamufunsa kuti bambo uja walowera kuti.

"Bambo uti? Ine ndimaona inu mukuyankhula nokha, ndimati ndi foni."

Loweruka Nachisale sadadzuke. Adagona chagada, maso ali kudenga, mawu akutuluka ngati a munthu wakutali. Laston pofunditsa bulangete adaona kuti kumapazi kwake kuli dothi lofiira, chonsecho munthu sadatuluke m'nyumba.

"Abambo, akuti ndikatenge nsalu yanga. Akhala mozungulira, aiyala pakati. Ndi anthu aulemu, koma saphethira."

"Mayi, musapiteko. Mwamva? Nsalu ndikatenga ndine."

"Inu mukudziwa kumene ili?"

Laston adangotuluka panja. Masana amenewo kadalira kanayi.

Lamulungu m'mawa adasiya mkazi wake m'manja mwa amayi a mvano, n'kupalasa njinga kupita kwa a Dzoole. Adawapeza akunola khasu. Adakhala pansi, n'kuulula zonse, kuyambira pa msomali mpaka pa munthu wa kabudula wa khaki. A Dzoole sadakalipe. Adangoleka kunola.

"Yosachapa?"

"Yosachapa."

"Mwana wanga, ife tikapita kokaika maliro, ngakhale mpango wa munthu wamoyo sitilola kuti utsale kumanda. Nsalu imene imalowa kumeneko ndi yokulungira. Iwe unatumiza ya mkazi wako, ndi thukuta lake lomwe, kwa anthu amene akhala zaka makumi anayi osaona mlendo. Unkati aganiza chiyani?"

"Ndiperekezeni, agogo."

"Manda si a kwathu, ine ndilekeza pamalire. Vula nsapato. Ukalowa uombe m'manja katatu, unene dzina la atate ako. Ukapeza nsaluyo udule zingwe. Chimene chikakane kuzuka usalimbane nacho, ndipo wina akakuyankhula kumbuyo usacheuke."

M'kati mwa msitu mudali mozizira. Mbalame mudalibe, ngakhale nyenje zimene zinkasokosa kunja zidalekera pamalire. Laston adayenda pakati pa mitumbira yakale yophwa, ina yongodziwika ndi mphika wosweka kapena mbale yadzimbiri. Masamba ouma adali ponseponse koma mapazi ake sankamveka. Kangapo konse adamva ngati anthu akusuntha kumupatsa njira.

Kumapeto kwa mzere wotsiriza adapeza malo osesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka, kutalika kwake kokwana munthu wamkulu atagona. Pamenepo padayalidwa chitenje chobiriwira chija, chosalazidwa ndi manja. Pambali pake padali chipeso, patapata wakumanja, ndi kapu yamalata ija, itabooledwa pansi monga amachitira ndi kapu za pamanda.

Kumutu kwa malowo kudaima roketi. Idazikika m'dothi mowongoka, zipsepse zili m'mwamba, ndipo dzuwa lolowera m'masamba lidagwera pa zilembo zoyera. Laston adaima n'kuziyang'ana. Zaka makumi awiri adakhala akulemba maina a anthu oti akaime kumutu kwa mitumbira, ndiye sadafunike womuuza chimene ankaona.

Adatulutsa mpeni n'kudula zingwe. Adapinda chitenje, adakulungamo chipeso, patapata ndi kapu, n'kulowetsa m'malaya. Akadatembenuka pomwepo, kaya. Koma Laston adali Laston, roketi yosabwerera si roketi. Adaigwira ndi manja awiri n'kukoka. Paipi ya pulasitiki yoti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi idakana ngati chitsa cha mkuyu. Adayesa kupala dzinalo ndi mpeni. Mpeni udangotsetsereka, penti ili chiimire.

"Mukuononga ntchito yabwino, a Chikhadwe."

Mawuwo adachokera kumbuyo, pafupi, ndipo adali a munthu wa pamsewu uja. Laston sadacheuke. Adaona pansi chithunzithunzi chake chokha.

"Ndabwera kudzatenga nsalu ya mkazi wanga. Ndinaitenga osapempha. Iye sadziwa kanthu."

"Ife tasesa kale. Malo osesa sakhala opanda mwini. Mukasiya nsalu, dzina lanu lizuka lokha, mupita nalo. Mukatenga nsalu, dzina litsala. Zonse ziwiri ayi."

Apo ndiye kamwanapiye kadalira m'mimba mwa roketi, ndipo Laston adakamva ndi makutu ake. Tswii. Tswii. Tswii. Adaganiza za makina osokera ali chete pakhonde, ndi za mwana wawo wobwera ku holide n'kupeza amayi ake palibe. Adachita mantha, sitinganame. Koma sadatenge nthawi. Adachotsa manja pa roketi, adakanikiza chitenje pachifuwa, n'kuyamba kuyenda.

"Muyende bwino," adatero mawu aja. Ena ambiri adavomereza chapansipansi, monga amachitira anthu pamaliro wina akayankhula zomveka.

A Dzoole adamuyang'ana akutuluka, adayang'ana chotupa cha m'malaya, adayang'ananso manja ake opanda kanthu.

"Chinthu chako chija chakana?"

"Chakana."

"Unalembapo chiyani?"

Laston adawauza. Mkuluyo adatola mpini wake n'kuyang'ana kumbali.

Atafika kunyumba adapeza Nachisale atakhala tsonga pamphasa, akumwa phala, amayi a mvano akuimba nyimbo yothokoza. Anthu atabalalika Laston adatulutsa mtolo uja n'kuuika pamiyendo pa mkazi wake. Nachisale adaufunyulula. Adaona chitenje chake chitadulidwa mozungulira ngati chivundikiro cha mtsuko, m'mphepete muli timabowo ta zingwe.

"Abambo! Ndinu? Chitenje changa cha ku Chipata mwachisandutsa ambulera ya zidole zanu? Ndiye ndikufunsani inu n'kumati za zitenje muzidziwira kuti! Mwadulanso mokhota, ndi sizasi yanga yomwe! Nanga kapu yangayi mwaiboola chifukwa chiyani?"

Adalongolola mpaka madzulo. Laston adakhala pakhomo akumvetsera, akuseka, misozi ikutsika. Sadamvepo nyimbo yokoma ngati kulongolola kumeneko.

Lolemba makina osokera adayambanso kulira pakhonde. Dzuwa litafika paliwombo Laston adazimitsa moto wake n'kuyang'ana mkazi wake. Mwendo wa Nachisale udapitiriza kupalasa, mutu uli pa nsalu.

"Mayi, kamwanapiye kaja?"

"Kasiya. Mwina kadyedwa ndi mphamba."

"Kasiyadi," adatero Laston. Iye adali atangokamva kawiri, pafupi ndi khutu lakumanzere.

Masana onsewo adagwira ntchito ngati wolipidwa kawiri. Adamaliza geti, adamaliza mitanda itatu ya eni ake, adakonza mwendo wa makina osokera umene Nachisale adakhala akudandaula nawo chaka chathunthu. Mapaipi onse otsala, mawaya ndi njanji youlutsira adazimanga pamodzi n'kukazitula kwa a Gondwe.

"Mwatopa nazo?" adafunsa a Gondwe.

"Muziulutsa, aphunzitsi. Koma musamalembepo dzina la munthu. Ikasowa, yasowa."

Pobwerera adadzera pamsika n'kugula chitenje chobiriwira. Cha mbalame sadachipeze, adatenga cha maluwa. Nachisale adachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti sichifika pa chakale chija, koma adachivala pomwepo.

Lachiwiri kudacha bwino. Chakum'mawa a Dzoole adatulukira pa Mponela wapansi, khasu lili paphewa, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango patsidya pa msewu. Nachisale adawaona n'kufunsa kuti agogowo akudikira yani. Laston adati akudikira iye, ali ndi kantchito. Adasamba, adavala malaya oyera, n'kukhala pa benchi pakhonde pafupi ndi makina. Adatsala ndi chikwangwani chimodzi chosalemba, ndipo Nachisale adafunsa ngati nachonso chili ndi mwini.

"Chimenecho mudzagulitse," adatero Laston. "Sichidzafunika."

"Mukuyankhula ngati muli paulendo."

"Sokani, mayi. Ndikufuna ndizimva makinawo."

Mthunzi wa denga udafupika mpaka udafika pa zala za kumapazi kwake. Nkhuku zidalowa pansi pa nkhokwe. Kamwanapiye kadalira kamodzi, ndipo Laston adagwira mpweya monga ankachitira nthawi zonse akafika pa wani.

Nachisale adamaliza msoko wake, adadula ulusi ndi mano, n'kufunsa ngati aike madzi a tiyi. Adafunsanso kachiwiri. Patsidya pa msewu a Dzoole adali ataimirira kale.

Adamuika kwawo kwa amayi ake, monga mwa mwambo, ndipo a Dzoole adathandiza kukumba. Koma a Dzoole omwewo, mukawapeza pamalire a msitu uja, amanena kuti pa malo osesedwa aja padatukuka mtumbira tsiku lomwelo, popanda khasu la munthu. Mvula yagwa kasanu ndi kawiri kuchokera pamenepo. Akuti dzina likuwerengekabe bwinobwino, penti yake siidafufuke.